Mauthenga ofika mochedwa akutisokonezera ziwerengero mu Flink, thandizeni

tsamba_lauwisi:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo sabata yonseyi. Kuntchito kwathu timayang'anira malole onyamula mankhwala oyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. M'firiji ya lole iliyonse muli sensa yomwe imayeza kutentha pa masekondi 30 aliwonse n'kutumiza uthenga kudzera pa netiweki ya foni. Mauthengawo amalowa mu Kafka, pulogalamu yolandira ndi kusunga mauthenga pamzere, ndipo Flink, pulogalamu yowerengera mauthenga akamafika, imawerengera avereji ya mphindi 5 zilizonse pa lole iliyonse. Avereji ikapitirira madigiri 8, belu limalira ndipo timaimbira dalaivala.

Lole ikalowa kumalo kopanda netiweki, sensa imasunga mauthenga ake, ndipo ikangopeza netiweki imawakhuthula onse nthawi imodzi. Lachinayi lapitali lole ina inakhala chete kuyambira 14:00 mpaka 14:40. Pa tchati chathu mphindi 40 zimenezo munalibe kalikonse, kenako window imodzi (chigawo cha mphindi 5 chomwe timawerengera avereji) ya 14:40 mpaka 14:45 inapezeka ndi mauthenga 90 m'malo mwa 10. Chomwe chandiwawa n'chakuti firijiyo inali itazima cha m'ma 14:10 kwa mphindi pafupifupi 10, kutentha kunafika madigiri 12, koma poti zonse zinasakanikirana mu window imodzi, avereji inatuluka yosakwana 6 ndipo belu silinalire. Tinadziwa mawa lake titatsegula mauthenga limodzilimodzi. Kodi ndalakwitsa pati?

mlonda77:
Pepani kwambiri achemwali, nkhani ya mankhwala si yochezera. Ndifunse kaye: window yanuyo ndi TumblingProcessingTimeWindows kapena TumblingEventTimeWindows?

tsamba_lauwisi:
Ndi ya ProcessingTime ija, achimwene. Ndinaisankha chifukwa inagwira ntchito pompopompo popanda zambiri zokonza.

mlonda77:
Ndiye gwero la vuto ndi lomwelo. Uthenga uliwonse uli ndi nthawi zingapo, ndipo makina anu akugwiritsa ntchito yolakwika. Pali nthawi imene chinthu chinachitikadi, pamene sensa inayeza madigiri 12, ndiyo event time. Pali nthawi imene uthengawo unalowa mu Kafka. Ndiye palinso nthawi imene Flink inaugwira, malinga ndi wotchi ya seva, ndiyo processing time. Netiweki ikakhala bwino, nthawi zitatuzi zimasiyana ndi masekondi ochepa, n'chifukwa chake anthu ambiri sazindikira kuti n'zosiyana. Lole yanu inazitalikitsa ndi mphindi 40, ndipo Flink inangochita zomwe munaiuza: chilichonse chofika pakati pa 14:40 ndi 14:45 chikhale mu mulu umodzi.

Chofunika ndi kuiuza kuti izitenga nthawi yomwe sensa inalemba mkati mwa uthenga. Mumapanga WatermarkStrategy pa source yanu (polowera mauthenga mu Flink), n'kuikapo withTimestampAssigner yowerenga nthawiyo, kenako window n'kuisintha kukhala ya EventTime. Mukatero, uthenga wa 14:12 udzagwera mu window ya 14:10 mpaka 14:15 ngakhale utafika usiku.

kachingwe:
Ndiwonjezere pang'ono pa zomwe anena a mlonda77. Musadalire timestamp ya Kafka yeniyeniyo musanaone amene amailemba. Kuyambira pa Kafka 0.10.0 mu 2016, uthenga uliwonse umakhala ndi timestamp, ndipo message.timestamp.type imatha kukhala CreateTime kapena LogAppendTime. LogAppendTime ndi wotchi ya broker, yomwe ndi seva ya Kafka, choncho siyikuthandizani. CreateTime imaoneka ngati yabwino, koma ndi nthawi imene producer, pulogalamu yolemba mu Kafka, anapanga uthengawo. Ngati masensa anu amayamba atumiza ku seva ina yapakati, ndipo sevayo ndi imene imalemba mu Kafka, CreateTime idzakhala 14:40 pa mauthenga onse 80 aja. Tengani nthawi yomwe ili m'thupi la uthenga, yolembedwa ndi sensa.

mwana_wasukulu:
Akuluakulu, ine ndangoyamba kumene kuphunzira zimenezi, mundikhululukire ngati funso langa ndi lachibwana. Ngati tikutsata nthawi ya sensa, makina amadziwa bwanji kuti window ya 14:10 mpaka 14:15 yakwana, atulutse avereji? Wotchi ya seva ikafika 14:15 sizitanthauza kuti mauthenga onse afika. Ndiye amadikira mpaka liti?

mlonda77:
Funso lako ndi lomwe lili pamtima pa nkhani yonseyi, mng'ono wanga. Makina sadziwa, ndipo palibe njira yoti adziwire. Amangolingalira, ndipo kulingalira kumeneko ndi komwe timati watermark. Watermark ndi chizindikiro choyenda limodzi ndi mauthenga, chonena kuti sitikuyembekezeranso uthenga wakale kuposa nthawi yakutiyakuti.

Tiyerekeze kuti mwasankha forBoundedOutOfOrderness ya mphindi 2. Flink imayang'ana nthawi yatsopano kwambiri yomwe yaona m'mauthenga, n'kuchotsapo mphindi 2 ndi milisekondi imodzi. Ikaona uthenga wa 14:17:00, watermark imakhala 14:14:59.999, yomwe ndi milisekondi yomaliza ya window ya 14:10 mpaka 14:15. Pamenepo window imatsekedwa n'kutulutsa avereji. Ona kuti wotchi ya seva sinalowepo. Chomwe chimakankha nthawi kupita kutsogolo ndi mauthenga omwewo.

Maganizo amenewa anafotokozedwa m'pepala la akatswiri a ku Google lonena za MillWheel mu 2013, kenako mu 2015 Tyler Akidau ndi anzake anawayala bwino m'pepala la Dataflow Model, lomwe Apache Beam yamangidwapo. Iwo anagawa nkhaniyi m'mafunso anayi: mukuwerengera chiyani, mu nthawi iti ya zochitika, zotsatira zituluke liti, ndipo zotsatira zobwera pambuyo zikonze bwanji zoyamba. Ambirife timayankha mafunso awiri oyambawo n'kusiya awiri omalizawo kuti makina atisankhire, ndipo m'pamene timapunthwa.

tsamba_lauwisi:
Ndamva bwino tsopano. Koma ndiye ndili pamphambano. Ndikaika mphindi 2, mauthenga a lole ija yochedwa mphindi 40 atani? Ndikaika ola lathunthu kuti ndiwadikire, ndiye kuti belu la malole onse lizichedwa ndi ola, mankhwala atawonongeka kale. Kodi Flink singadikire lole yokhayo yomwe yasowa, zinazo n'kumapitirira?

mlonda77:
Ayi achemwali, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amadabwa. Ngakhale mwachita keyBy, kugawa mauthenga potsata nambala ya lole, watermark si ya lole iliyonse payokha. Malole ena omwe ali pa netiweki amaikankhabe. Pofika 14:40, watermark idzakhala cha pa 14:38, ndipo mauthenga ambiri a lole yanu adzapeza ma window awo atatsekedwa kale. Mukasiya momwe Flink imabwerera, mauthenga otere amatayidwa mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse wa vuto. Kunena zoona, kumeneku n'koopsa kuposa vuto lomwe munali nalo poyamba, chifukwa tchati chidzaoneka chaukhondo pamene madigiri 12 aja asoweratu.

Mu Flink muli mabatani awiri osiyana, ndipo musawasakanize. Loyamba ndi mphindi 2 zija, lomwe limanena nthawi yotulutsira yankho loyamba. Lachiwiri ndi allowedLateness, lomwe limanena kuti window isungidwe kwa nthawi yaitali bwanji itatulutsa kale yankho. Mukaika maola 6, uthenga wochedwa ukafika mkati mwa maola amenewo, window imawerengeranso n'kutulutsa avereji yatsopano. Zochedwa kuposa pamenepo muzigwire ndi sideOutputLateData, yomwe imazipatulira pambali (side output), muzilembe mu topic ina yapadera (topic ndi mzere wa mauthenga mu Kafka), ndipo muziwerenga kuchuluka kwake tsiku lililonse.

Chenjezo limodzi. Window imatulutsa yankho latsopano pa uthenga wochedwa uliwonse. Mauthenga 10 a 14:10 mpaka 14:15 akafika, mudzalandira ma avereji 10 otsatizana, oyamba ochokera pa uthenga umodzi wokha. Choncho kumene mumalemba zotsatira kuzikhala kolemba pamwamba pa mzere wakale, pogwiritsa ntchito nambala ya lole ndi chiyambi cha window ngati kiyi. Mukamangowonjezera mizere, lipoti lanu lidzawerenga chinthu chimodzi kakhumi.

nyenyezi_yakummawa:
Ife m'malo mwa Flink timagwiritsa ntchito Spark Structured Streaming, ndipo kumeneko batani ndi limodzi, withWatermark, lomwe linabwera mu Spark 2.1. Mukaika mphindi 10, Spark imalonjeza kuti uthenga wochedwa mosapitirira mphindi 10 sudzatayidwa. Wochedwa kuposa apo ukhoza kuwerengedwa kapena ayi, palibe lonjezo. Mu append mode yankho limadikira mpaka watermark idutse mapeto a window, pomwe mu update mode limatuluka msanga n'kumakonzedwa. Ndiye vuto la achemwaliwa ife tikanalithetsa ndi update mode ndi watermark yaitali.

Koma ine ndikufuna nditsutse pang'ono. Kodi zonsezi n'zofunikadi? Belu lizilira ndi processing time, pa uthenga uliwonse wopitirira madigiri 8, popanda window n'komwe. Lipoti lolondola muzilipanga usiku ndi batch, kuwerengera zonse nthawi imodzi, data yonse itafika, n'kungoisanja potsata nthawi ya sensa. Palibe watermark, palibe state (zomwe Flink imasunga podikira) ya maola 6 yodzaza RocksDB, nkhokwe yosungiramo zimenezo. Ndaona magulu ambiri akudzisenzetsa katundu wolemera pa ntchito yomwe SQL imodzi ya usiku ikanaimaliza.

kachingwe:
Pa belu ndikugwirizana nanu, achemwali a nyenyezi. Pa lipoti ayi. Batch ya usiku nayonso ili ndi watermark, kungoti sitiitchula dzina. Mukaiyendetsa 02:00 mwaganiza kale kuti zonse za dzulo zafika. Lole yomwe yagona kopanda netiweki n'kutumiza 06:00 yakuphonyani chimodzimodzi, ndipo mufunikabe njira yobwerera kukakonza dzulo. Komanso mudzakhala ndi makodi awiri owerengera chinthu chimodzi, ndipo tsiku lina adzasiyana mayankho.

Ku Kafka Streams, pulogalamu ina yowerengera mauthenga a mu Kafka yomwe ine ndimagwiritsa ntchito, anasankha njira ina kuyambira pachiyambi. Zotsatira za window ndi tebulo lomwe limangosinthidwa uthenga ukafika. Pali stream time, yomwe ndi timestamp yaikulu kwambiri yomwe yaonedwa, ndi grace period yonena kuti window ilandire zochedwa mpaka liti. Kale grace inkakhala maola 24 munthu ukapanda kusankha, ndipo anthu ankadabwa kuti suppress yawo, yomwe imagwira yankho mpaka window itatsekedwa, sikutulutsa kanthu mpaka mawa. Mu Kafka 3.0 anabweretsa ofSizeWithNoGrace ndi ofSizeAndGrace kuti aliyense azinena yekha zomwe akufuna. Ine kusintha kumeneku ndinakukonda kwambiri, chifukwa nambala imeneyi si ya makina, ndi ya eni ntchito. Ndi iwo odziwa kuti yankho lochedwa limawononga chiyani, ndipo yankho losakwanira limawononga chiyani.

mlonda77:
A nyenyezi anenapo mfundo yomwe sindikufuna itayike. Belu lichoke mu window. Ligwireni ndi KeyedProcessFunction, yomwe imaona uthenga uliwonse ukangofika, pa lole iliyonse: uthenga ukafika wopitirira madigiri 8, kaya ndi wa pano kaya wa mphindi 30 zapitazo, lizani belu, ndipo mulembemo nthawi ya sensa kuti wolandira adziwe ngati zikuchitika tsopano kapena zinachitika kale. Mu function yomweyo ikanimo timer ya processing time: lole ikakhala chete mphindi 10 pa wotchi ya seva, wina auzidwe. Pa kukhala chete musadalire event time, chifukwa mauthenga onse akasiya kubwera palibe woti ubweretse nthawiyo. Lachinayi lija, timer imeneyi ikanachititsa kuti dalaivala aimbiridwe kapena afufuzidwe 14:10, firiji ikungoyamba kuzima.

tsamba_lauwisi:
Ndabweranso. Ndasintha monga munanenera, ndipo masana zonse zinayenda bwino kwambiri. Koma usiku wapitawu kuyambira cha m'ma 23:00 ma avereji anangoima. Mauthenga akulowa mu Kafka, job yathu ya Flink ili yamoyo, palibe error, koma palibe window yomwe inatseka mpaka m'mawa malole ambiri atanyamuka, pomwe zonse za usiku zinatuluka nthawi imodzi. Usiku timakhala ndi malole atatu kapena anayi okha pamsewu. Topic yathu inagawidwa m'zigawo, ma partition, 12.

kachingwe:
Ma partition ogona amenewo. Source ya Kafka mu Flink imasunga watermark ya partition iliyonse, ndipo yomwe imapita kutsogolo ndi yaing'ono kwambiri mwa onsewo. Zili choncho pa chifukwa chabwino: Kafka imasunga ndondomeko ya mauthenga mkati mwa partition imodzi yokha, ndiye partition yofulumira isachititse kuti zochokera ku yochedwa zizioneka ngati zachedwa. Koma malole anayi sangadzaze ma partition 12. Partition yomwe inalandira uthenga womaliza 22:50 imagwira onse pa nthawi imeneyo usiku wonse. Mukatsegula Flink UI n'kuyang'ana watermark ya operator ya window, mudzaiona itaima pa nambala imodzi.

Ikani withIdleness pa WatermarkStrategy yanu, mwina ya mphindi imodzi kapena ziwiri poti masensa anu amalankhula pa masekondi 30 aliwonse. Partition ikakhala chete nthawi imeneyo imachotsedwa pa chiwerengero mpaka itadzukanso. Dziwaninso kuti onse 12 akagona, watermark imaima ndithu, ndipo window yomaliza imadikira uthenga wotsatira.

mphepo_yamwera:
Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyenera kulankhula, chifukwa withIdleness ili ndi mnzake woipa yemwe anandigwetsa ine chaka chatha: wotchi yolakwika. Tinali ndi chipangizo chimodzi chomwe chitasinthidwa batire chinayamba kulemba deti la masiku atatu kutsogolo. Masana sitinaone kanthu, chifukwa watermark ya partition yake yokha ndi imene inalumpha, ndipo ma partition enawo anagwirabe nthawi pamalo pake. Usiku enawo atagona n'kuchotsedwa, chipangizo chija chinatsala chokha, ndipo watermark ya job yonse inalumpha masiku atatu. Watermark siibwerera m'mbuyo. M'mawa mauthenga onse abwinobwino anaoneka ngati ochedwa ndi masiku atatu, ndipo onse anathera mu side output. Chinatipulumutsa n'chakuti side output inalipo, ndipo tinali titaika belu pa kuchuluka kwa zolowamo.

Kwa a nyenyezi n'zoopsa kuposa apa, chifukwa Spark imatenga nthawi yaikulu kwambiri yomwe yaona mu stream yonse, ndiye uthenga umodzi wa m'tsogolo ndi wokwanira, masana kapena usiku.

Chomwe timachita tsopano ndi ichi. Uthenga uliwonse umanyamula nthawi zitatu: yoyezera ndi yotumizira, zonse ziwiri za wotchi ya chipangizo, ndi yolandirira ya wotchi ya seva, yomwe imayendera NTP, njira yolungamitsira wotchi kudzera pa netiweki. Mukachotsa yotumizira pa yolandirira mumapeza kuti wotchi ya chipangizo yasokera ndi zingati, kupatula kamphindi ka ulendo wa pa netiweki. Kusiyanako mumakuwonjezera pa nthawi yoyezera. Zimathandizanso pa zipangizo zomwe zikazima zimadzuka zili pa 1 January 1970, bola wotchiyo isasinthe pakati pa kuyeza ndi kutumiza. Ndipo uthenga uliwonse womwe utakonzedwa ukadali kutsogolo kwa wotchi ya seva ndi mphindi zoposa 5, timaupatula usanafike pomwe watermark imawerengedwa.

mwana_wasukulu:
Zikomo akuluakulu, ndaphunzira zambiri. Ine poyeserera pa kompyuta yanga ma window onse anatuluka ndi deti la 20 January 1970. Kodi ndi wotchi yomweyo?

mphepo_yamwera:
Ayi mng'ono wanga, imeneyo ndi nkhani ya masekondi. Flink imafuna mamilisekondi kuchokera pa 1 January 1970 UTC, koma iwe waipatsa masekondi. Nambala ngati 1700000000 ikawerengedwa ngati mamilisekondi imangokwana masiku osakwana 20. Chulukitsa ndi 1000. Komanso zipangizo zizilemba mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, nthawi ya dera muziisintha poonetsa pa tchati pokha.

nyenyezi_yakummawa:
Mfundo ya a kachingwe yoti batch nayo imalingalira ndaivomera. Ndikadaumirirabe kuti state ya maola 6 muziiyeza, chifukwa window iliyonse ya mphindi 5 pa lole iliyonse ikhala ikusungidwa, ndiwo ma window 72 pa lole imodzi. Gwiritsani ntchito aggregate yosunga chiwonkhetso ndi chiwerengero chokha, osati process yosunga mauthenga onse. Ndiponso musamangotulutsa avereji yokha, onjezanipo kutentha kwakukulu kwambiri mu window ndi chiwerengero cha mauthenga. Wowerenga akaona 3 m'malo mwa 10 adzadziwa kuti yankho silinakwane.

Funso langa kwa a mlonda77: mphindi 2 ndi maola 6 mwazitenga kuti?

mlonda77:
Zinali zitsanzo chabe, achemwali, ndipo mwachita bwino kufunsa. Nambala zenizeni zichokere mu data ya a tsamba. Atenge mauthenga a mwezi wathunthu, pa uthenga uliwonse achotse nthawi yoyezera pa yolandirira, n'kujambula tchati. Ndikuyembekeza kuti aona milu iwiri, waukulu wa masekondi ochepa ndi wina wautali wa malole osowa netiweki. Batani loyamba liphimbe mulu woyamba, allowedLateness iphimbe gawo lalikulu la wachiwiri. Kenako akhale pansi ndi amene amasaina kuti mankhwala alandiridwe, awafunse kuti lipoti la ulendo liziyesedwa lomaliza patatha nthawi yaitali bwanji, ndipo zofika pambuyo pake azilandira ndani.

Ubwino wina wa event time mudzauona mukafuna kuyesa. Mukhoza kubweza job kuti iwerengenso Kafka kuyambira sabata yatha, ndipo uthenga uliwonse udzagwera mu window yake yeniyeni ngakhale sabata yonseyo itawerengedwa m'mphindi zochepa. Ndi processing time zonse zikanaunjikana mu window imodzi kapena ziwiri. Pobwereza chonchi partition ina imathamanga kusiya anzake ndipo state imatupa, ndiye yang'anani watermark alignment, yoimitsa kaye othamanga kuti adikire anzawo, yomwe inabwera mu Flink 1.15. Samalaninso ndi timer ya kukhala chete ija pobwereza, ndipo belu lenileni mulizimitse kuti madalaivala asaimbiridwe za sabata yatha.

tsamba_lauwisi:
Ndabwereza data ya Lachinayi lija pa job yoyesera. Tsopano mipata yonse ya 14:00 mpaka 14:40 yadzaza, window iliyonse ili ndi mauthenga ake 10, ndipo ya 14:15 mpaka 14:20 ikuonetsa avereji yopitirira madigiri 11, pomwe kutentha kwakukulu ndi 12. Ndinaiyang'ana kwa nthawi ndithu, chifukwa ndi nambala imene tinkafunika kuiona tsiku lomwelo. Usiku wathawu ma window anatseka bwinobwino ndi withIdleness ya mphindi 2.

Tchati cha kuchedwa chatuluka ndi milu iwiri monga munanenera, achimwene, koma chandionetsanso masensa awiri omwe mauthenga awo amafika nthawi yawo isanakwane, wina ali kutsogolo ndi mphindi 7. Masensa athu salemba nthawi yotumizira, ndiye njira ya a mphepo sindingaigwiritse ntchito mpaka firmware, pulogalamu ya mkati mwa sensa, isinthidwe. Pakadali pano ndikupatula chilichonse chopitirira wotchi ya seva ndi mphindi 5, koma belu la madigiri 8 likuwaonabe mauthenga amenewo. Lolemba ndikumana ndi oyang'anira mankhwala pa nkhani ya maola a allowedLateness. A mphepo, kusiyana kwa wotchi kuja mumakuwerengera pa uthenga uliwonse, kapena mumasunga kamodzi pa chipangizo chilichonse?

mphepo_yamwera:
Pa mtolo uliwonse wotumizidwa, achemwali. Mauthenga 80 akabwera limodzi amakhala ndi nthawi yotumizira imodzi, ndiye kusiyana kwake ndi kumodzi. Timakusunganso mu state ya chipangizocho, ndipo kukasintha mwadzidzidzi ndi mphindi zoposa imodzi timadziwitsa amisiri kuti akaone batire. Pouza opanga firmware, apempheninso nambala yotsatizana pa uthenga uliwonse, chifukwa netiweki ikaduka pakati pa kutumiza, sensa imabwereza mtolo womwewo ndipo window yanu idzawerenga 20 pomwe panali 10.